Mita Imodzi Siikwana mu Minibasi

Aliyense amene anakulila mu Lusaka adziwa lamulo lalikulu la minibasi, ngakhale silinalembedwe paliponse: basi siinyamuka isanadzale. Ungakhale wachedwa ku nchito kapena uli ndi mwana wodwala kumsana, palibe chimene chisintha. Dalaivala angalize injini, kupititsa basi patsogolo pang'ono ndi kuibwezanso m'mbuyo kuti uganize kuti ulendo wayamba, koma ngati patsala mpando umodzi, muyembekeza ndithu. Mu March 2020 kunabwela lamulo lina lochokela kwa azaumoyo, lakuti tizikhala motalikilana mita imodzi. Malamulo awili awa sakanakwela galimoto imodzi. Limodzi linayenela kugonja, ndipo panayenela kupezeka wolipila.

Nthawi imeneyo ndinali kuthandiza pa wailesi ya m'dela lathu, monga ndichitila mpaka lelo, popanda malipilo. Nchito yanga ina inali kuwelenga mauthenga a COVID-19 m'Chinyanja: sambani m'manja ndi sopo, valani mask, pewani malo odzala anthu, khalani panyumba ngati mulibe chifukwa choyendela. Tikatsegula mafoni, funso limene linali kubwela kawili-kawili silinali la mankhwala kapena la kalombo. Linali la basi. Amayi ena anaimba nati, "Ba presenter, ise tamvela vonse. Manje iyo mita imodzi tizaipeza kuti mu basi ya ku Kanyama?" Mu studio tinaseka, koma panalibe amene anali ndi yankho.

Tikumbutsane mmene zinayendela, chifukwa ena mwa inu munali ku sukulu ndipo mukumbukila chabe holide yaitali. Pa 18 March 2020 boma linalengeza odwala awili oyamba m'Zambia. Pa 20 March masukulu ndi makoleji anatsekedwa. Patapita masiku ochepa, Pulezidenti Edgar Lungu analamula kuti mabala, manightclub, majimu ndi makasino atsekedwe, malesitilanti azigulitsa chakudya chonyamula chabe, misonkhano isapitilile anthu 50, ndipo ndeke zochokela kunja zizitela pa Kenneth Kaunda International Airport pokha. Munthu woyamba anamwalila kuchiyambi kwa April. M'mwezi womwewo tauni ya Kafue inatsekedwa kuti anthu apimidwe, ndipo mu May boda ya Nakonde inatsekedwa odwala atachuluka kumeneko.

Koma dziko lonse silinatsekedwe monga anachitila ena. Mabasi a mu Lusaka sanaletsedwe kuyenda. Ku Kulima Tower, ku City Market, ku Lumumba ndi ku Millennium, ma ngwangwazi anapitiliza kukuwa. Chimene chinatsekedwa ndi malo amene anthu anali kupitako. Ndipo basi imadya pa anthu amene ali ndi kopita.

Kuti mumvetse chimene chinachitika, muyenela kudziwa mmene ndalama imayendela mu minibasi. Kale kunali kampani ya boma ya mabasi, UBZ, imene inatha m'ma 1990. Malo ake anatengedwa ndi anthu wamba amene anagula ma Hiace ndi ma Rosa, ambili ogwilapo kale nchito ku Japan. Mwini basi nthawi zambili sayendetsa yekha. Amapatsa dalaivala makiyi ndi kumuuza ndalama imene afuna tsiku lililonse, imene timaitcha cashing. Pa ndalama zonse zimene okwela alipila, dalaivala ayamba wachotsa cashing, achotsa ya mafuta, ya pa siteshoni, ya ngwangwazi amene wadzazitsa basi, ndi ya kondakita. Chotsala ndiye chake. Tsiku likayenda bwino, apita kunyumba ndi nyama. Likavuta, cashing siichepa. Chimachepa ndi chotsala chija.

Ndiye chifukwa chake mzele wa anthu atatu amakhalapo anayi, ndi chifukwa chake kondakita amayenda atapindika pa chitseko. Ndiyenso chifukwa chake basi iima paliponse pamene wakweza dzanja, ilowa m'njila za m'komboni kuthawa mzele wa magalimoto, ndipo ingakunyamulile thumba la malasha kapena beseni ya tomato. Timaikonda chifukwa imapindika kulingana ndi umoyo wathu. Koma kupindika kumeneko kuli ndi mwini wake amene amakulipila, ndipo ndi uja ali pa chiongolelo ndi mnzake wa pa chitseko.

Tiyelekeze chabe. Basi yanyamula anthu 16, aliyense walipila K5. Ulendo umodzi wabweletsa K80. Manje muuze dalaivala kuti anyamule anthu 8 kuti atalikilane. Ulendo womwewo, mafuta omwewo, wabweletsa K40. Pali njila zitatu chabe: mtengo ukwele kufika K10, mwini basi achepetse cashing, kapena wina aike ndalama yotsalayo. Okwela analibe K10, popeza ambili malonda ao anali atagwa. Eni mabasi nawonso anali ndi nkhongole, ndipo masipeya anali kukwela mtengo chifukwa m'chaka chimenecho kwacha inagwa kwambili, kuchoka pafupi ndi K14 pa dola imodzi kuchiyambi kwa chaka kufika kupitilila K20 kumapeto. Wachitatu woika ndalama sanaoneke. Chotelo m'mabasi amene ine ndinakwela, lamulo la mita imodzi ndilo linagonja.

Chimene chinasintha kwambili ndi kuchuluka kwa okwela. Ana a sukulu amene amadzaza mabasi m'mawa anali panyumba. Ogwila nchito m'mabala ndi m'malesitilanti anauzidwa kuyembekeza. Matchalitchi anachepetsa mapemphelo, maukwati ndi ma kitchen party anaimitsidwa. A m'maofesi amene ali ndi laptop ndi intaneti anayamba kugwilila nchito kunyumba. Anatsala ndani? Amayi okaoda ndiwo ku Soweto kusanache. Alonda ochoka ku nchito ya usiku. Ogwila nchito za m'nyumba ku mayadi, amene mabwana ao sanawauze kuti aleke kubwela. Manesi ndi oyeletsa a m'zipatala. Anyamata osakila ganyu ku industrial area. Uthenga wakuti "khalani panyumba" unali kufika kwa onse mofanana, koma basi inali kuonetsa poyela amene angakwanitse kuumvela ndi amene sangakwanitse.

Apa ndiye panali chinthu chimene sindinachimve chikukambidwa mokwanila. Okwela akachepa, basi siiyenda ndi mipando yopanda anthu. Imangotenga nthawi yaitali kuti idzale. Kumene kale unali kuyembekeza mphindi zochepa, manje unali kukhala nthawi yaitali pa siteshoni, m'galimoto yoima, mapewa atagundana, mpweya osayenda. Pambuyo pake akatswili anafotokoza momveka kuti kalombo aka kamayenda kwambili mu mpweya, m'malo otsekeka amene anthu akhalamo nthawi yaitali. Ndiye kuti kuchepa kwa anthu m'tauni sikunapangitse basi kukhala yotetezeka kwa otsalawo. Kunawonjezela nthawi imene anali kupumilana. Onjezamponi June ndi July, miyezi yozizila, pamene munthu ukatsegula windo basi yonse imakuyang'ana monga waba chinthu.

Ndalama nayo inali kuyenda mmene imayendela masiku onse. Wa kumbuyo apatsa wa patsogolo pake, uyo apatsa wina, mpaka ifike kwa kondakita, ndipo chenji ibwelela njila yomweyo. Masiku oyamba makondakita ena anali ndi kabotolo ka sanitizer pa chitseko. Patapita masabata, kabotolo kanayamba kununkhila madzi. Mask inakhala monga tikiti yachiwili: popanda iyo sukwela, koma ukakhala pansi imatsikila pa chibwano, ndipo ikwelanso dalaivala akakuwa kuti, "Ma mask, bakapokola kutsogolo!" Sindinena izi kuti ndiseke anthu. Kondakita amene akuwa "Tauni! Tauni!" kuchoka 05:00 mpaka usiku, nsalu ya chitenge ili kukamwa, ndi munthu amene wapatsidwa lamulo popanda chomuthandiza kulisunga.

Msuweni wanga anali kondakita pa basi ya ku Chawama nthawi imeneyo. Ali ndi mkazi ndi ana awili, ndipo akhala m'nyumba ya lendi ya zipinda ziwili. Mu April 2020 anayamba kubwela kwathu madzulo, zimene sanali kuchita kale chifukwa anali kuweluka mochedwa. Tsiku lina ndinamufunsa ngati saopa matenda, popeza agwila ndalama za anthu mazana pa tsiku. Anandiyankha kuti, "Ba sisi, corona ninamvela chabe pa wailesi yanu. Koma landlord nimuona na menso." Masiku ena, atachotsa cashing ndi mafuta, iye ndi dalaivala anali kugawana ndalama yokwana pamela ndi kapenta ka pa mbale. Kenaka mwini basi anaona kuti galimoto ingotha matayala popanda phindu, anaiimika pa yadi. Panalibe kalata yomuchotsa nchito, chifukwa panalibenso kalata yomulemba. Chilimba chimene anali kuponya ndi anzake a pa siteshoni chinaima, popeza onse anagwa nthawi imodzi. Anakatenga kaloba kuti alipile lendi, ndipo nkhongole imeneyo inamutsatila mpaka chaka chotsatila, basi itabwelela kale pa mseu.

Nkhani yake si yachilendo. Pa basi imodzi pamadyela anthu ambili kuposa amene timaona: dalaivala, kondakita, ngwangwazi, wotsuka galimoto, makanika wa pansi pa mtengo, wokonza matayala, amayi ogulitsa nsima pa siteshoni, mnyamata wa wilibala amene anyamula katundu wa oseluka, wogulitsa talk time ndi madzi pa windo. Basi ikaima, onsewa aima. Ndipo pa anthu a mabasi amene ndidziwa, palibe amene anali ndi pepala la nchito limene akanapita nalo kulikonse kukapempha thandizo.

Okwela nawo anapeza njila zao, aliyense monga mwa thumba lake. Amene anali ndi ndalama anasiya basi ndi kuyamba kubuka taxi, ena pa foni kupyolela mu app monga Ulendo. Ena anagwilizana anayi-anayi kukwela galimoto ya mnzao wa ku nchito ndi kusonkha ya mafuta. Njinga zamoto zopeleka chakudya ndi katundu zinayamba kuoneka kwambili m'miseu. Koma ambili a ife tinabwelela ku galimoto yakale kwambili, miyendo. M'mawa unali kuona mizele ya anthu m'mbali mwa Los Angeles Road ndi Kafue Road, akuyenda kupita m'tauni. Ena anali kuthawa matenda, koma ambili anali kusunga ya basi kuti igule ndiwo. Ine ndinayamba kuyenda pansi popita ku wailesi ndi kukwela pobwelela chabe, chifukwa pulogilamu yanga inali kutha kutada ndipo njila ya kwathu si yoyenda mkazi yekha usiku. Mantha a matenda ndi mantha a mdima ndinali kuwaika pa sikelo tsiku lililonse, ndipo mdima unali kulemela kwambili.

Mwina wina anganene kuti boma likanangoletsa mabasi kapena kukakamiza kuti azinyamula theka. Tili ndi zitsanzo za amene anayesa. Ku Zimbabwe, lockdown itayamba pa 30 March 2020, makombi a anthu wamba analetsedwa ndipo analola chabe mabasi oyenda pansi pa kampani ya boma ya ZUPCO. Mabasi amenewo sanakwane. Anthu anali kuima m'mizele yaitali, kukwela malole ndi tumagalimoto tosaloledwa tumene amatutcha mushikashika, mothinana kuposa mu kombi. Ku South Africa boma linalamula kuti ma taxi, amene ndi maminibasi ao, asadzaze kupitilila 70 pelesenti. Eni ake anakana kuti sangapilile, ndipo pofika July 2020 analoledwa kudzaza pa maulendo afupi. Ku Kenya matatu ya mipando 14 inauzidwa kunyamula anthu 8, ndipo mitengo inakwela. Kulikonse nkhani inali imodzi. Ungalamule kuti mpando ukhale wopanda munthu, koma mpando umenewo uli ndi mtengo wake, ndipo ngati lamulo silinena wolipila, amalipila ndi wosauka kwambili pa onse.

Kuno kwathu sitinaletse mabasi, ndipo ndiganiza kuti zinathandiza kuti anthu asafe ndi njala. Koma sitinasankhenso wolipila. Tinangosiya nkhaniyo pa chitseko cha basi kuti kondakita ndi okwela akambilane okha. Ndipo pamene funde lachitatu linafika mu June 2021, zipatala zitadzala ndi mpweya wa oxygen ukusowa, masukulu anatsekedwanso, koma mabasi anali odzala monga kale. Unali mwezi umene tinataya Kenneth Kaunda, pa 17 June, ndipo dziko linali m'kampeni ya masankho a pa 12 August. Pa wailesi, mauthenga a malilo anachuluka kwambili. Katemela anali atafika mu April chaka chimenecho, koma mphekesela zinali kuyenda mofulumila kuposa iye, ndipo zambili ndinali kuzimvela mu basi momwemo. Basi ya mu Lusaka ndi wailesi payokha: nkhani imene yayamba pa mpando wa kumbuyo ku Matero imafika ku Mtendere dzuwa lisanalowe.

Apa ndi pamene ndiona kuti tinataya mwayi. Palibe munthu mu mzinda uno amene akamba ndi anthu ambili pa tsiku kuposa kondakita. Ife a pa wailesi timakamba ndi amene watsegula wailesi. Iye akamba ndi aliyense amene ali ndi kopita, m'chinenelo chimene munthuyo amva, kaya Chinyanja, Chibemba kapena chosakaniza. M'mauthenga amene tinali kupatsidwa kuti tiwelenge, anthu a mabasi anali kuchulidwa monga vuto lofunika kuliyang'anila. Sindikumbukila uthenga umene unawatenga monga anzathu pa nchitoyo. Tsiku limene tinaitana dalaivala wina mu studio, mafoni sanaleke kulila. Iye ananena zinthu zosavuta zimene ife sitinaziganizile: kuti mawindo ambili a mabasi akale satseguka chifukwa anawamanga ndi waya, kuti pa siteshoni imene anali kulodela panalibe pompi yosambila m'manja, ndi kuti ngati ndalama za pa siteshoni zikanachotsedwa kwa miyezi yochepa, iye akanavomela kusiya mpando umodzi pa mzele uliwonse.

Wina angati izi ndi zakale, corona inapita. Koma Lusaka siikhala nthawi yaitali popanda mlili. Kuchiyambi kwa 2018 kolela inachititsa kuti malonda a m'miseu aletsedwe ndipo ku Kanyama kunaikidwa lamulo loletsa kuyenda usiku. Mu January 2024 kolela inabwelanso mwamphamvu, masukulu anachedwa kutsegulidwa, ndipo National Heroes Stadium inasanduka chipatala. Kolela siiyenda mu mpweya monga corona, koma nthawi zonse malamulo akabwela amagwela malo amodzimodzi: misika, masiteshoni, makomboni. Ndipo nthawi zonse anthu amene adya za tsiku ndi tsiku ndiwo amauzidwa kuti aime, popanda kuuzidwa kuti adzadya chiyani.

Sindipempha kuti minibasi ichotsedwe kuti kubwele mabasi akulu-akulu a nthawi yoikika. Amene akamba zimenezo ambili sanayesepo kukweza thumba la kabichi pa Soweto 05:00. Zimene ndipempha ndi zazing'ono, ndipo zifunika kuchitika kukali bata. Dalaivala ndi kondakita akhale ndi pepala la nchito, alembetsedwe ku NAPSA ndi ku NHIMA, kuti tsiku loipa likafika adziwike kuti alipo. Basi ikapita kukapimidwa fitness, windo yotseguka iwelengedwe monga mabuleki. Siteshoni iliyonse imene itolela ndalama kwa madalaivala ikhale ndi madzi ndi chimbudzi chogwila nchito. Kulipila ndi Airtel Money kapena MoMo kukhale kosavuta ndi kotsika mtengo kuti ndalama isamayende m'manja khumi. Ndipo koposa zonse, pakhale mgwilizano wolembedwa pakati pa boma, khonsolo, eni mabasi ndi madalaivala, wonena kuti mlili ukadzafuna mipando yopanda anthu, ndani adzachotsa chiyani: msonkho uti udzaimitsidwa, cashing idzatsika bwanji, mtengo wa okwela udzatetezedwa motani.

Ife achinyamata tili ndi mbali yathu. Ndife ochuluka m'mabasi, ndife makondakita, ndifenso amene timadandaula kwambili pa Facebook mtengo ukakwela. Kudandaula kuli bwino, chifukwa K2 yowonjezela pa ulendo ndi ndalama yeniyeni kwa munthu wa ganyu. Koma mkangano wathu umathela pa chitseko, pakati pa anthu awili amene onse alibe. Kondakita si amene aika mtengo wa dizilo, ndipo si amene aika cashing. Misonkhano ya makhansala m'mawadi athu ilipo, mapulogilamu a mafoni pa mawailesi alipo, ndipo funso la mabasi silifunsidwa kumeneko pokhapo mtengo utakwela kale.

Msuweni wanga manje ndi dalaivala. Anatenga laisensi ya PSV ndipo ayendetsa Rosa ya munthu wina. Cashing ikali pomwepo, pepala la nchito kulibe. Nditamufunsa chimene angachite matenda ena otele akabwela, anati wayamba kusunga K10 pa tsiku mu foni, imene sakhudza olo zivute bwanji. Ndiyo inshuwalansi yonse imene ali nayo munthu amene anyamula anthu mazana kupita ku nchito tsiku lililonse. Loweluka likubwelali ndamuitana ku pulogilamu pamodzi ndi amayi awili a ku Soweto, ndipo tidzayamba 20:00 kuti a mabasi akhale ataweluka. Ngati ndinu kondakita, dalaivala kapena mwini basi, imbani mutiuze cashing yanu ndi zimene zimatsala.